KABICHI AKACHULUKA M'DIMBA TICHITE NAYE CHIYANI?

Awa ndi mau amene Mthandizi wa Zofalitsa Nkhani analankhula pa msonkhano wa alimi a madimba. Tawalemba muno kuti amene sanafike amve nawo, ndipo tipempha aphunzitsi kuti awawerengere anthu a m'midzi mwawo.

 Ndithokoze Amfumu pondilola kuima pabwalo pano, pakuti ine ndine mwana, ndipo ambiri a inu munayamba kugwira khasu ine ndisanabadwe. Sindinabwere kudzakuphunzitsani kulima kabichi ayi. Kulima mukudziwa kale, ndipo umboni wake ndauona ndi maso anga m'mawa uno podutsa kudambo kuja, kumene mitu iri ndandanda, ina yaikulu ngati mtsuko. Koma ndaonanso china chimene chandimvetsa chisoni. Mitu yambiri yang'ambika, ina yayamba kununkha, ndipo m'mbali mwa njira ndapeza mulu wa kabichi amene wina anabwera naye kuchokera kumsika, namutaya pomwepo kuti mbuzi zidye.

Zoterezi sizachilendo kwa ine. Ndiri wamng'ono ndinaperekeza mayi wanga kumsika, titasenza madengu awiri a kabichi. Tinanyamuka tambala woyamba atangolira. Titafika tinapeza kuti aliyense wabwera ndi kabichi, ndipo wogula ndiye anali kutchula mtengo, wogulitsa nkungovomera. Dzuwa litapendeka mayi anagulitsa dengu limodzi pa ndalama zosakwanira ngakhale sopo ndi mchere, ndipo dengu linalo tinabwerera nalo kumudzi. Njira yonse sanandilankhule. Chimene chimandipweteka ndikakumbukira nchakuti patangopita miyezi itatu, m'nyumba yomweyo tinali kudya nsima ndi madzi a mchere chifukwa chosowa ndiwo.

Chifukwa chake nchodziwika. Kabichi amakonda nyengo yozizira, ndipo ife tonse timafesa nthawi imodzi, tikangotha kukolola chimanga. Tsono mitu imakhwimanso nthawi imodzi, m'miyezi ya Julaye, Ogasiti ndi Seputembala. Amene mwayendako pa Lizulu, pa Tsangano, pa Bembeke kapena pa Jenda m'miyezi imeneyi mwaona milu ya kabichi m'mbali mwa msewu. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Tinalira kuti dimba libereke, ndipo labereka. Koma pofika Okutobala ndi Novembala, zitsime za m'dimba zikayamba kuphwa ndipo nkhwani za m'munda zisanamere, mutu umodzi wa kabichi umagulidwa ndi ndalama zambiri, pena osapezeka nkomwe. Nkhani yanga lero ndi imodzi: tingasamutse bwanji kabichi wa Ogasiti kuti tidzamudye mu Novembala ndi Disembala?

Ndiyambe ndi mitu imene ikali m'dimba. Mutu wa kabichi ukakhwima, ndipo inu nkupitiriza kuthirira kwambiri, masamba a m'kati amakulabe pamene a kunja aleka kukula, motero mutuwo umang'ambika. Ukang'ambika, madzi ndi tizirombo zimalowa, ndipo kuola kumayamba. Choncho mukaugwira mutu ndi kumva kuti walimba, chepetsani madzi. Muthanso kugwira mutuwo ndi manja awiri ndi kuupotoza pang'ono, kapena kulowetsa khasu mbali imodzi ya tsinde, kuti mizu ina iduke. Mbewuyo siifa, koma imamwa madzi ochepa, ndipo mutu umakhala masiku ena angapo osang'ambika. Dziwaninso mtundu umene munabzala. Copenhagen Market amakhwima msanga ndipo sachedwa kung'ambika, pamene Drumhead amachedwa kukhwima ndipo amapirira m'dimba. Yambani kudula wofulumirayo.

Podula, dulani m'mawa kukali kozizira, ndipo musiyepo masamba awiri kapena atatu okuta mutu. Musatsuke mutu umene mufuna kusunga. Uikeni pa thandala pamthunzi podutsa mphepo, osati m'thumba losiyidwa padzuwa, ndipo wosweka kapena wobooledwa ndi mbozi muupatule kuti udyedwe lero lomwe. Koma njira zonsezi zimangotipatsa masiku owerengeka. Sizitifikitsa ku Novembala.

Chimene chingatifikitse ndicho mfutso. Pano ndiyenera kulankhula mosamala, pakuti amayi amene mwakhala apa ndinu eni ake a ntchito imeneyi. Mumafutsa nkhwani, khwanya, chisoso, therere ndi bowa, ndipo munaphunzira kwa agogo anu. Chimene ndimadabwa nchakuti kabichi yekha timamusiya, ngati kuti iye ndi mlendo amene sayenera kukwera pa thandala. Mwina nchifukwa chakuti anabwera ndi Azungu, ndipo tinazolowera kumuona ngati ndiwo zogulitsa, osati zosunga. Koma kabichi ndi tsamba ngati masamba ena, ndipo amauma bwino ndithu.

Pa magawo 100 a kulemera kwa kabichi, magawo pafupifupi 92 ndi madzi okhaokha. Ndiye kuti mayi wanga pobwerera kumudzi tsiku lija anasenza madzi. Mutu wolemera kilogalamu imodzi ukauma sufika ngakhale magalamu 100. Dengu lonse limasanduka kachikwatu kamodzi kopachika kudenga.

Kachitidwe kake nkotere. Sankhani mitu yabwino. Yong'ambika dzulo kapena lero ingathe kufutsidwa ngati sinayambe kuola, koma yonunkha musaiyese, chifukwa dzuwa silichiza choola. Tsukani, dulani mutu panayi, chotsani mtima wolimba wa pakati, ndipo mudule masambawo tizingwe toonda ngati timitengo ta machesi. Kuonda kumeneku nkofunika, pakuti kabichi ali ndi nthiti zonenepa zimene zimasunga madzi. Mukadula zikuluzikulu, kunja kudzaoneka kouma pamene m'kati mukali chinyezi, ndipo nkhungu idzayambira pomwepo. Masamba obiriwira a kunja aja, amene ambiri timatayira nkhuku, musawataye ngati ali abwino. Iwowa ndiwo ali ndi vitamini A wochuluka kuposa oyera a m'kati, vitamini amene amathandiza maso.

Kenaka wiritsani madzi ambiri mumphika waukulu, muthire mchere pang'ono, ndipo madzi akabwata ikanimo kabichiyo pang'onopang'ono, osati yense nthawi imodzi, kuopa kuti madzi angazizire. Akhalemo mphindi 2 zokha. Amene alibe wotchi awerenge mosathamanga kufikira 120. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, pakuti amaphika kabichi ngati khwanya, ndipo amatuluka phala. Sitikuphika ayi, tikungomufwafwaza. Wina angafunse kuti, bwanji osangoyanika wamuwisi? Yankho ndi lakuti tsamba likadulidwa silifa nthawi yomweyo. M'kati mwake muli zinthu zimene zimapitiriza kulikalambitsa ngakhale litauma, ndipo madzi otentha ndiwo amaziletsa. Kabichi woyanikidwa wamuwisi amasanduka wofiirira pakapita masabata, fungo lake nkukhala ngati la udzu wakale. Wofwafwaza amasunga mtundu ndi kukoma, amaumanso msanga.

Mukatsanula m'dengu kuti madzi akhe, yalani kabichiyo pa mphasa yoyera kapena m'malichero, pamwamba pa thandala, kutali ndi nkhuku, agalu ndi fumbi. Muyale mopyapyala, kotero kuti mphasa izionekera. Pamwamba phimbani kansalu kopyapyala koyera kotchinga ntchentche. Ndikupemphani, musaphimbe ndi masikito ogonamo, chifukwa masikito amenewa ali ndi mankhwala ophera udzudzu, ndipo ntchito yake ndi kuteteza ana ku malungo, osati kukhudza chakudya. Dzuwa lowomba mwachindunji limayeretsa masamba ndi kuwononga zina za zofunika m'thupi, motero malo abwino ndi amthunzi wopepuka kumene mphepo ikudutsa. Tembenuzani kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo madzulo mulowetse m'nyumba chifukwa cha mame. M'nyengo ino yopanda mvula, masiku awiri mpaka anayi amakwanira. Kukachita chiperoni dikirani, musafutse tsiku limenelo.

Mudziwa bwanji kuti wauma? Tengani pang'ono m'dzanja ndi kufinya. Akaphwanyika ndi kulira kuti tswa, wauma. Akangopindika ngati chikopa, abwerere pa thandala. Yesani makamaka tinthiti tonenepa tija. Wouma bwino muikeni m'chikwatu cha masamba a msuku monga mwa masiku onse, kapena m'chitini choyera chotsekeka, kapena m'thumba la pulasitiki lomanga bwino, ndipo musunge pouma ndi pamdima. Pakatha sabata tsegulani muone. Mukapeza thukuta m'kati mwa thumba, yanikaninso. Mukapeza nkhungu, tayani osamva chisoni.

Pophika, nyikani mfutsowo m'madzi theka la ola, ndipo muphikire m'madzi omwewo, osawataya. Thirani tomato, anyezi ndi nsinjiro. Kunena zoona, kwa ine mfutso wa kabichi wotendera umaposa kabichi wamuwisi wokazinga, chifukwa kuuma kuja kumamupatsa kakomedwe kotsekemera pang'ono. Koma ndisakunamizeni kuti wouma alingana ndi wamuwisi pa zonse. Vitamini C, amene kabichi wamuwisi ali naye wambiri, amathawa pofwafwaza ndi poyanika. Mwamwayi, nthawi imene tidzadya mfutso umenewu ndi nthawi ya mango ndi masuku, ndipo ana akadya zipatso zimenezi amapeza chimene chasowa mumphika.

Pali chinthu chimodzi chimene sindifuna kuti wina achoke pano osachimva. Ambiri mumapopera kabichi mankhwala ophera mbozi ndi nsabwe. Pa botolo lililonse pamalembedwa masiku amene ayenera kupita kuchokera tsiku lopopera kufikira tsiku lokolola. Masiku amenewo asanakwane, musadule, musagulitse, musafutse. Musaganize kuti kuwiritsa kapena kuyanika kuchotsa mankhwala onse. Mukaona kuti mitu yatsala pang'ono kukhwima, lekani kupopera. Ngati zolembazo ziri m'Chingerezi, pitani nalo botolo kwa mlangizi wa zaulimi kapena kwa aphunzitsi akuwerengereni. Aphunzitsi, ntchito imeneyi ndaisiya m'manja mwanu.

Tsopano ndikuuzeni njira ina imene ife sitinaizolowere, ndiyo yosunga kabichi ndi mchere kuti asase. Ku Germany amautcha sauerkraut, ndipo ku Korea ali ndi wawo wothira tsabola wotchedwa kimchi. Anthu a kumeneko anali ndi vuto lofanana ndi lathu: kabichi wambiri nthawi imodzi, kenaka miyezi yozizira kwambiri imene m'munda simumera kanthu. Kabichi wosasa ali ndi ubwino umene mfutso ulibe, pakuti amasunga gawo la vitamini C. Kale amalinyero okhala miyezi yambiri panyanja osadya masamba ankadwala matenda otupitsa nkhama ndi kugwedeza mano, ndipo ambiri ankafa. Pamene James Cook ananyamuka ku England m'chaka cha 1768 ndi chombo chotchedwa Endeavour, anatenga migolo ya kabichi wosasa. Poyamba amalinyero ake anakana kudya. Iye sanawakakamize, koma analamula kuti kabichiyo aziikidwa pa tebulo la akuluakulu a chombo tsiku ndi tsiku. Amalinyero aja ataona kuti mabwana akudya, anayamba kumulimbirana. Chombocho chinabwerera mu 1771 popanda munthu wofa ndi matenda amenewo. Kapena Amfumu atayamba kulawa, enafe tidzatsatira.

Kapangidwe kake sikovuta. Dulani kabichi wamuwisi moonda monga poyamba paja, koma osamufwafwaza. Pa kilogalamu iriyonse ya kabichi thirani magalamu 20 mpaka 25 a mchere, ndiye kuti supuni yaikulu imodzi yodzaza bwino. Pa makilogalamu 5 thirani masupuni 5. Fikisani ndi manja osamba kufikira kabichi atatulutsa madzi ake. Muikeni m'ndowa ya pulasitiki yoyera kapena m'botolo lagalasi lakukamwa kwakukulu, ndipo mutsindire kwambiri kuti mpweya utuluke. Musagwiritse chitini chachitsulo kapena poto wa aluminiyamu, chifukwa kusasako kumadya chitsulo, ndipo chigubu chimene munakhalapo mankhwala kapena petulo musachiyandikize nkomwe. Pamwamba ikani mbale yoyera, ndipo pambalepo muike botolo lodzaza madzi kuti lipsinje. Lamulo lalikulu ndi ili: kabichi yense akhale pansi pa madzi ake. Phimbani ndi nsalu ndi kuika pamalo ozizira a m'nyumba.

Ine nditayesa koyamba ndinalephera. Ndinapsinja ndi mbale yaing'ono, masamba nkuyandama m'mbali, ndipo patapita masiku khumi ndowa yonse inali kununkha kotero kuti anzanga ogona nawo nyumba anandiuza kuti ndisankhe, ndowayo kapena iwo. Kachiwiri ndinapeza mbale yokwanira bwino, ndipo zinatheka. Masiku oyamba mumaona thovu, ndipo musaope, chimenecho ndi chizindikiro chakuti ntchito yayamba. Kakhungu koyera kakabwera pamwamba pa madzi, kachotseni ndi supuni yoyera. Pakatha masabata atatu kapena anayi kabichi amakhala wapsa, wowawasa bwino ngati chambiko. Mutsukeni pang'ono kuti mchere uchepe, nimukazinge ndi anyezi ndi tomato. Koma akaterera, akasanduka wakuda kapena wofiira, kapena akanunkha choola, ameneyo waonongeka, musadye.

Ndinene maganizo anga poyera. Njira imeneyi imafuna kuzizira, madigiri 18 mpaka 22. Kumapiri monga ku Dedza ndi ku Ntcheu ingatheke bwino mu Juni ndi Julaye. Kumalo otentha monga ku Nsanje, ku Chikwawa ndi m'mbali mwa nyanja kabichiyo amafewa msanga, ndipo ngakhale kumapiri komwe, kutentha kwa Okutobala kukafika sakhalitsa popanda firiji. Motero yesani ndi mitu iwiri kapena itatu kuti mulawe, koma mitu yambiri ipite ku mfutso, umene suopa kutentha ndipo sufuna mchere wogula.

Za kudya kabichi wamuwisi masiku ano a zochuluka ndingonena pang'ono. Ana amatopa naye chifukwa timamuphika njira imodzi yokha, ndiponso timamuphika mopitirira mpaka nyumba yonse imve fungo. Kabichi safuna kukhalitsa pamoto, ndipo safuna soda kapena chidulo, zimene zimapha vitamini C. Lero mtendereni ndi nsinjiro, mawa msakanizeni ndi nyemba, mkuja ndi usipa kapena matemba, kuti nsomba zochepa zikwanire banja lonse. Amene muli pafupi ndi tauni kapena sitolo, kumbukirani anyamata a chiwaya, amene amaika kabichi wodula pa tchipisi tsiku lililonse, ndiponso sukulu zogonera komweko zimene zimaphikira ana ambiri. Munthu mmodzi ndi dengu limodzi samumvera, koma alimi khumi akapangana ndi kutuma mmodzi kukakamba mtengo mitu isanadulidwe, amamveka. Ndipo mutu umene ukanaola m'dimba ukapita kwa agogo amene alibe mphamvu yonyamula kheni, umenewo sunatayike.

Zotsala, monga mitima ija ndi masamba obooka, ndi chakudya cha ziweto. Nkhumba zimadya bwino mukasakaniza ndi madeya. Nkhuku zipachikireni mutu pa chingwe kuti zizijompha. Koma ng'ombe, mbuzi ndi akalulu muzipatse pang'ono pamodzi ndi udzu, chifukwa kabichi wochuluka amatupitsa mimba, ndipo ng'ombe ikamadya iye yekha masiku ambiri magazi ake amachepa. Ya mkaka muipatse mutatha kukama, kuopa kuti mkaka ungamveke fungo.

Zimene ziweto zasiya zipite ku dzenje la manyowa, kupatula zodwala. Mukaona tsamba lachikasu kuyambira m'mphepete, mitsempha yake itada, kapena mukazula tsinde ndi kupeza mizu yotupa ngati zibonga, zimenezo muziotche. Matenda a mizu yotupawa amakhala m'nthaka zaka zambiri, ndipo mukawaponya m'manyowa mudzawabwezera nokha m'dimba. Pamalo amene munali kabichi chaka chino musabzalepo kabichi, repu, mpiru kapena tchainizi kwa zaka zosachepera zitatu, pakuti onsewa ndi a banja limodzi ndipo amadwala matenda amodzi. Ikanipo anyezi, nyemba kapena chimanga chachiwisi.

Tsinde labwino lopanda matenda musafulumire kulizula. Mukadula mutu ndi kusiya masamba a m'munsi, nkupitiriza kuthirira, pamaphuka timitu tating'ono ngati nkhonya. Siyanipo titatu kapena tinayi. Timeneti timakhwima patapita masabata angapo, pamene msika wayamba kupepuka, ndipo ntofewa bwino.

Pomaliza, mau awiri a chaka chamawa. Paketi ya mbewu siyenera kuthera pa nazale tsiku limodzi. Fesani pang'ono, dikirani masabata awiri kapena atatu, fesaninso. Mbande zimakhala pa nazale masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi musanawokere, ndipo mukafesa motsatizana chotere mitu idzakhwimanso motsatizana. Sakanizani mtundu wofulumira ndi wochedwa. Ndipo inu a dambo limodzi khalani pansi mu Epulo ndi kupangana kuti uyu ayambe, uyu atsatire, wina alime kaloti kapena anyezi m'malo mwa kabichi. Ndikudziwa kuti kupangana kumeneku nkovuta kuposa kufutsa, chifukwa aliyense amafuna kukhala woyamba kumsika. Nkhani imeneyo ndiisiya kwa Amfumu ndi mlangizi wanu.

Tsono m'thumba muno ndanyamula mfutso wa kabichi umene mayi wanga anafutsa mwezi wathawu. Ndinaunyika m'madzi tisanayambe msonkhano, ndipo ndikuona kuti amayi asonkha kale moto kuseri kwa mtengowo. Ndipempha amayi awiri abwere ndi nsinjiro, ndipo wina atithamangire kudambo kukadula mitu itatu yong'ambika, kuti pamene mphika uwu ukupsa tidule ndi kufwafwaza pamodzi, nonse mukuona.